Tizilombo timene tinakana kukula

Mu 1964 wasayansi wina wachinyamata wa ku Czechoslovakia, Karel Sláma, anafika pa yunivesite ya Harvard ku America atanyamula katundu amene ambirife tikanamutaya panjira. Anali ndi tizilombo tofiira ta mawanga akuda, tofanana kwambiri ndi tija timadetsa thonje likamaphulika ku Chikwawa kapena ku Balaka. N'tapachibale ndithu, banja lake ndi limodzi. Kwawo ku Prague anali atatiweta kwa zaka zambiri, ndipo ankatidziwa monga mayi adziwira nkhuku zake. Kamwana kakatuluka m'dzira kamafundula kasanu, ndipo pa ulendo wachisanuwo kamatuluka kali kachikulire, ka timapiko, kotha kubereka. Ku Prague sizinkaphonya.

Ku Harvard zinaphonya. Tizilomboto tinkadya bwino, tinkayenda bwino, tinkafundula pa nthawi yake. Koma pa kufundula kwachisanu kuja, m'chigoba munkatuluka kamwana kena, kungoti kakakulu mopitirira muyezo. Tina tinkafundulanso kachisanu ndi chimodzi n'kukhala tizimphona topanda mapiko, tosabereka, kenako n'kufa tili ana. Sláma ndi mwini labotale, pulofesa Carroll Williams, anayamba kufufuza chimodzichimodzi zimene zinasiyana pakati pa Prague ndi Harvard. Chakudya chinali chomwecho, njere za mtengo wa linden. Anayang'ana izi ndi izo, mpaka maso anagwa pa kanthu kamene munthu sangakaganizire: kachidutswa ka pepala lopukutira m'manja kamene ankaika m'botolo lililonse kuti tizilomboto tizikwerapo. Ku Prague ankaika pepala losefera. Atachotsa lopukutira m'manja n'kubwezeramo losefera, tonse tinakula bwinobwino ngati kuti palibe chinachitika.

Zimene anachita pambuyo pake zimandiseketsa mpaka lero. Akuluakulu awiri ophunzira anayamba kung'amba manyuzipepala n'kumayalira tizilombo. Toyenda pa New York Times, pa Wall Street Journal, pa Boston Globe, ngakhale pa magazini a sayansi a ku America komweko, tinkakanika kukula. Toyenda pa The Times ya ku London ndi pa magazini ya Nature tinkakula. Gwero lake linapezeka m'nkhalango. Mapepala ambiri a ku America ankapangidwa kuchokera ku mtengo wotchedwa balsam fir, ndipo mumtengomo muli mankhwala amene thupi la kachilomboka limawamva ngati homoni yake yeniyeni, uthenga woyenda m'magazi. Mu 1966 William Bowers ndi anzake anawapatula n'kuwatcha juvabione.

Mpaka apa nkhaniyi ndi ya kudekha kumene kumaonetsa munthu maso a nkhono. Chenjezo lili pa zimene zinatsatira, koma kuti limveke tiyambe taona chimene chimachitika kachilombo kakamafundula.

Ife mafupa ali mkati, choncho timakula pang'onopang'ono osadziwa n'komwe. Chiwala, mbozi, udzudzu ndi nkhanu chigoba chili kunja, ndipo chigoba cholimba sichikula pamodzi ndi mwini wake. Kuti akule ayenera kuchivula. Amene anakulira kumudzi anaonapo chigoba cha nyenje chitakangamira pa tsinde la mtengo dzuwa la Okutobala likuswa: chong'ambika pamsana, miyendo yonse ilipo ndi tizikhadabo take, malo a maso alipo, koma ukachigwira chimangoti phwanyu, mwini wake anapita. Kutuluka mmenemo si masewera. Khungu latsopano limayamba lapangidwa pansi pa lakale lili lofewa ndi lamakwinya, mbali ya mkati ya lakale imasungunulidwa n'kubwerera m'thupi, kenako kachilombo kamameza mpweya, kapena madzi ngati ndi ka m'madzi, kuti kafufume mpaka chigoba chithetheke. Kamavula ngakhale khungu la mkati mwa timapaipi topumira. Kakalakwitsa nthawi pang'ono, kamafera pakhomo, theka mkati theka kunja.

Ntchito yoopsa chotere siyamba mwangozi. Pali amene amailamula, ndipo munthu woyamba kumva fungo lawo anali Stefan Kopeć wa ku Poland, pakati pa 1917 ndi 1922. Chida chake chachikulu chinali ulusi. Ankamanga mbozi pakati mothinitsa kuti magazi asadutse, n'kuona kuti mbali ya kumutu yokha ndiyo inkasintha kulowera ku gulugufe, ya kumchira n'kukhalabe mbozi. Akachedwa kumanga, mbali zonse ziwiri zinkasintha. Anazindikira kuti ubongo umathira kanthu m'magazi pa nthawi inayake, ndipo kanthuko kakangodutsa ulusi ulibenso ntchito. Kopeć anaphedwa ndi asilikali a Germany ku Palmiry mu 1941, ntchito yake isanalemekezedwe mokwanira.

M'zaka za m'ma 1930, Vincent Wigglesworth ku London anatenga kachilombo koyamwa magazi ka ku South America kotchedwa Rhodnius, kamene kamafundula kakangokhuta magazi kamodzi. Akakadula mutu katangodya kumene, kankakhala moyo miyezi yambiri osafundula. Akadikira masiku angapo asanadule, kankafundula kopanda mutu. Ankalumikiza tiwiri todulidwa mitu ndi phula kuti magazi aziyenda pakati pake, n'kuona kamodzi kakukokera kanzake ku kufundula. Mwa njira imeneyi anapezanso liwu lina, lochokera ku timinofu ting'onoting'ono ta kuseri kwa ubongo, limene ntchito yake ndi kusunga kachilombo kali kamwana. Analitcha homoni ya ubwana. Patapita zaka, homoniyo itapezeka m'botolo, analemba nayo zilembo za dzina lake, VBW, pamsana pa kamwana ka Rhodnius. Katafundula kanatuluka kachikulire thupi lonse kupatula zilembo zitatu zija, zimene zinatsala ndi khungu la ubwana.

Ndondomeko yake tsono ili motere. Ubongo umatumiza uthenga ku timinofu ta pachifuwa, timene Soichi Fukuda wa ku Japan anasonyeza ntchito yake mu 1940. Timinofuto timatulutsa homoni yotchedwa ecdysone, imene imalamula khungu kuti nthawi yovula yakwana. Ndi yochepa kwambiri m'thupi moti mu 1954 Adolf Butenandt ndi Peter Karlson anafunika makilogalamu 500 a mbozi za silika za m'zikwa kuti apeze mamiligalamu 25 okha. Koma ecdysone amangonena kuti vula. Telala amene amanena za malaya atsopano ndi homoni ya ubwana ija. Ikakhalapo, malaya amasokedwa a mwana. Ikapanda kukhalapo, amasokedwa a wamkulu. Ndiye kuti kachilombo kalikonse kofuna kukula kayenera, pa nthawi yoyenera, kusiya kupanga homoni ya ubwana ndi kusesa yonse yotsala m'magazi. Kamabadwa ndi tsache lake, timadzi tina ta m'thupi togaya homoniyo. Tsache limeneli mulisunge m'mutu, tikumana nalonso.

Carroll Williams sanali munthu wamba pa nkhanizi. Ndi iye amene mu 1956 anafinya mafuta achikasu odzaza ndi homoni ya ubwana kuchokera m'mimba mwa agulugufe aamuna a usiku otchedwa cecropia, ndipo kuyambira pomwepo ankaganiza kuti homoniyi ingakhale chida chophera tizilombo. Pepala la Sláma linamuonetsa zinthu ziwiri zokoma. Choyamba, mankhwala ochepa zedi, ongokhudza mapazi, ankathetsa mbadwo wonse. Chachiwiri, mankhwala a mumtengo aja ankavulaza banja limodzi lokha la tizilombo. Tina tooneka ngati tomweto, koma ta banja lina, tinkayenda pa pepala lomwelo n'kukula popanda vuto.

Nthawiyo dziko linali ndi ludzu la uthenga wotere. Buku la Rachel Carson la Silent Spring linali litatuluka mu 1962, anthu anali atadziwa zimene DDT amachita kwa mbalame ndi nsomba, ndipo ntchentche ndi udzudzu m'mayiko ambiri zinali zitasiya kumva mankhwalawo. Mu Julaye 1967 Williams analemba nkhani m'magazini ya Scientific American yolengeza mbadwo wachitatu wa mankhwala ophera tizilombo. Woyamba unali wa ziphe zakale monga arsenic, wachiwiri wa DDT ndi anzake, wachitatu wa mahomoni a tizilombo tomweto. Lonjezo linali la mbali ziwiri. Mankhwala atsopanowa adzasankha mdani yekha n'kusiya zamoyo zina. Ndipo tizilombo sitidzatha kuwazolowera, chifukwa kachilombo kakasiya kumva homoni yake komwe ndiye kuti kadzipha kokha.

Imani kaye pa mfundo yachiwiriyi muilawe mmene ikukomera. Ine nditaimva koyamba sindinapeze poitsutsira. Ikuoneka yotseka mbali zonse ngati nkhokwe yomata bwino. Munthu angathawe mdani wakunja, koma angathawe bwanji magazi ake? Vuto la mfundo zokoma chonchi n'lakuti zimachotsa chilakolako chokayang'ana m'botolo. Williams yemweyo, amene zaka ziwiri m'mbuyomo anagwada n'kukayikira ngakhale kapepala kopukutira m'manja, apa ananena motsimikiza za chinthu chimene chinali chisanayesedwe m'munda kwa nyengo ndi imodzi yomwe.

Ndalama zinatsatira mawuwo. Mu 1968 ku Palo Alto ku California kunakhazikitsidwa kampani ya Zoecon, motsogozedwa ndi Carl Djerassi, katswiri wodziwika pa mapilitsi olerera. Akatswiri ake anapanga mazanamazana a mankhwala otsanzira homoni ya ubwana, ndipo mu 1975 boma la America linavomereza amodzi mwa iwo, methoprene, kuti azithiridwa m'madzi oswerana udzudzu. Tinene chilungamo, methoprene ndi mankhwala abwino. Kwa munthu ndi ziweto ululu wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi ziphe zakale, ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero pa udzudzu, pa utitiri wa agalu ndi pa tizilombo ta m'nkhokwe. Mphutsi ya udzudzu imene yawamwa imapitiriza kusambira ngati kuti sinamve kanthu, n'kudzafa pa khomo lomaliza, ikamayesa kusanduka udzudzu wouluka.

Koma lonjezo lija linali litang'ambika kale mankhwalawo asanafike m'sitolo. Mu 1972 m'magazini ya Nature munatuluka malipoti awiri. Lina, la ofufuza a ku Riverside ku California, linali la ntchentche za m'nyumba. Linalo, la ku England, linali la tizilombo tofiirira tija timapezeka mu ufa wokhalitsa. M'malipoti onse awiri, magulu a tizilombo amene anali atapima kale mankhwala akale ankapiriranso mankhwala otsanzira homoni, chikhalirecho anali asanakumanepo nawo. Tizilomboto sitinafunike kudzipha. Tsache lija ndilo linagwira ntchito. Kachilombo kamene moyo wake wonse umadalira kusesa homoni ya ubwana pa nthawi yake kali kale ndi zida zogayira zinthu zamtundu umenewo, ndipo zaka zopoperedwa ndi mankhwala ena zinali zitasankha tokhatokha ta zida zamphamvu. Komanso chotsanzira si chenicheni. Thupi likhoza kusintha pang'ono mmene limalandirira mlendo, kapena kulimbitsa khungu kuti asalowe wambiri, popanda kukana mwini nyumba.  Yankho linali m'kati mwa funso lomwelo.

M'munda zinachedwerapo, koma zinafika. Ku Israel mankhwala ena a gulu lomweli, pyriproxyfen, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1991 pa tintchentche toyera toyamwa masamba a thonje ndi maluwa. M'nyumba ina yolimamo maluwa a rozi, atangopopera maulendo atatu motsatizana, tintchentcheto tinkafunika mlingo woposa ka 500 kuti tife. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 udzudzu wosamva methoprene unapezeka ku Florida ndi ku California, m'malo amene ankathira mankhwalawo chaka ndi chaka. Ndipo pali kena koseketsa. Mu 1986 Thomas Wilson anapeza tintchentche ta zipatso tosamva methoprene chifukwa cha kusintha kwa jini imodzi. Patapita zaka zoposa makumi awiri zinatsimikizika kuti jini imeneyo ndi imene imapanga khutu lenileni limene thupi limamvera homoni ya ubwana. Chinthu chimene chinanenedwa kuti sichingachitike ndicho chinatsegulira asayansi chitseko chimene anakhala akuchifunafuna.

Mbali ina ya lonjezo, yakuti mankhwalawa adzasankha mdani yekha, inakumana ndi nkhanu.

Nkhanu ndi tizilombo ndi apachibale akale, ndipo chinenero cha m'magazi mwawo n'chofanana kwambiri. Nkhanu nayo imafundula polamulidwa ndi ecdysone, wochokera ku timinofu tiwiri ta kutsogolo kwa thupi timene Manfred Gabe anatifotokoza mu 1953. Kusiyana kwake n'kwakuti mwa kachilombo ubongo umanena kuti yamba, pamene mwa nkhanu muli liwu lonena kuti dikira, ndipo limachokera pa malo odabwitsa, m'timapesi tija tonyamula maso. Kale mu 1905 Charles Zeleny anaona kuti nkhanu yodulidwa timapesi ta maso imafundula msanga. Alimi a nkhanu za mtundu wa prawns m'mayiko ambiri akhala akudula kapesi ka diso limodzi la yaikazi kuti iikire mazira mofulumira, mchitidwe umene ine ndimauona wankhanza ndipo ogula ena ayamba kuukana. Mu 1987 Hans Laufer wa ku yunivesite ya Connecticut anapeza m'magazi a nkhanu homoni yotchedwa methyl farnesoate, imene mpangidwe wake umangosiyana pang'ono ndi homoni ya ubwana ya tizilombo. Tanthauzo lake n'loonekeratu. Ukafuula m'madzi m'chinenero cha mphutsi za udzudzu, pali ena m'madzimo amene angamve.

Mu Ogasiti ndi Seputembala 1999 mumzinda wa New York munabuka matenda a West Nile, ofalitsidwa ndi udzudzu, amene anali asanaonekepo ku America. Anthu angapo anamwalira, akhwangwala ankangogwa m'misewu. Akuluakulu a mzinda ndi maboma oyandikana anapopera malathion ndi mankhwala ena kuchokera m'mahelikopita ndi m'magalimoto, ndipo methoprene ankaikidwa m'ngalande za madzi a mvula. Pakati pa Seputembala mkuntho wotchedwa Floyd unagwetsa chimvula chimene chinakokolera zonse za m'misewu kupita ku Long Island Sound, chigawo cha nyanja ya mchere cha pakati pa New York ndi Connecticut. Masabata otsatira asodzi a nkhanu zikuluzikulu zotchedwa lobster kumadzulo kwa nyanjayo anayamba kuvuula misampha yodzaza ndi zakufa ndi zolefuka. Mabanja amene anakhala pa ntchitoyi mibadwomibadwo anagulitsa maboti. Ku Connecticut kokha, mu 1998 anagwira makilogalamu pafupifupi 1.7 miliyoni, koma pofika 2011 sanafike ndi 100,000 omwe.

Kwa asodzi mlandu unali wosavuta. Anapopera, mvula inagwa, nkhanu zinafa. Ndipo atamva kuti amodzi mwa mankhwalawo amatsanzira homoni yofanana ndi ya nkhanu, anaona kuti mfiti yagwidwa ili maliseche pakhomo. Sindingawanyoze. Amene wataya chuma chake m'mwezi umodzi ali ndi ufulu wofunsa, ndipo funso lawo linali ndi maziko. Ofufuza ena anapezadi kuti methoprene wochepa kwambiri amatha kupha tiana ta lobster m'labotale, ngakhale kuti anzawo ena poyesa sanapeze zofananazo.

Koma kafukufuku wa zaka zingapo, wolipiridwa ndi boma, atatha, chala chachikulu chinaloza kwina. Chaka chimenecho madzi a pansi pa nyanjayo anatentha kupitirira madigiri 20 kwa nthawi yaitali, ndipo lobster ndi nyama ya m'madzi ozizira imene ku Long Island ili kale pafupi ndi malire a kum'mwera a kumene ingakhale. Mpweya wa m'madzi unachepa, matope a pansi ankatulutsa zowola, nkhanuzo zinali zitachulukana mothinana, ndipo m'mitsempha ya zakufa munapezeka kachilombo kena koyambitsa matenda kamene kanapezerapo mwayi pa matupi ofooka. Mankhwala opopera aja, powerengera kuchuluka kwa amene akanafika m'madzi, anaoneka kuti mwina anawonjezera mavuto m'malo ena a m'mphepete, koma sakanatha kupha zochuluka chotero paokha. Asodzi ambiri sanavomereze. Mu 2012 kuyeza kwina kunaonetsa ngati m'matupi a lobster muli methoprene, ndipo mu 2013 Connecticut inakhazikitsa lamulo loletsa mankhwalawo m'madera a m'mphepete mwa nyanja. Mu 2016 atayezanso ndi njira zodalirika kwambiri sanawapezemo. Lobster sizinabwerere. Madzi akupitiriza kutentha.

Ndimaona kuti pulofesa wa ku Harvard ndi msodzi wa ku Long Island anapunthwa pa chitsa chimodzi, wina akupita wina akubwerera. Wina anati mankhwala a homoni sangalephere, winayo anati mankhwala a homoni ndiwo apha. Onse awiri anali ndi mfundo yomveka, yogwirizana ndi mmene thupi la kachilombo ndi la nkhanu limagwirira ntchito, ndipo kumveka kwakeko n'kumene kunawapangitsa kuitenga ngati chinthu choonedwa ndi maso. Mawu akuti homoni ali ndi mphamvu yachilendo pa ife. Wogulitsa akawatchula timamva kuti ndi zachilengedwe, zofatsa, zanzeru. Woopseza akawatchula timamva kuti ndi ufiti wosaoneka wolowa m'magazi. M'njira zonse ziwiri timasiya kufunsa mafunso otopetsa aja: wochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, pa chamoyo chiti, ndipo ndani anawerenga.

Mwina mukuti izi n'za kutali. Pyriproxyfen uja wa tintchentche ta ku Israel lero ali m'mitundu ina ya masikito ogawidwa mu Africa. Udzudzu wa malungo m'madera ambiri, kuphatikizapo kwathu kuno, unasiya kumva mankhwala akale a m'masikito, choncho akatswiri anaganiza zowonjezeramo wotsanzira homoniyu. Udzudzu waukazi ukatera pa neti yotere osafa, mazira ake amawonongeka. Pa pepala nzeruyi ndi yokongola ngati ya Williams: amene wapulumuka chiphe sadzasiya mbewu. Kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno anthu anapita kukawerenga. Ku Burkina Faso, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti ana odwala malungo anachepa ndi 12 pa 100 alionse poyerekeza ndi ogona m'masikito wamba. Ku Misungwi ku Tanzania, zotsatira za mu 2022 sizinaonetse phindu lodalirika, ndipo ku Benin zinali chimodzimodzi, pamene masikito a mankhwala ena osakhudzana ndi mahomoni, chlorfenapyr, anachita bwino koposa m'malo onse awiri. N'chifukwa chake mu 2023 bungwe la WHO linavomereza masikito a chlorfenapyr ndi mawu amphamvu, koma a pyriproxyfen linawavomereza ndi mawu osamala. Neti iliyonse yosang'ambika imatetezabe, ndipo wogona panja pake chifukwa cha nkhani ino sanandimve. Ndikungonena kuti nzeru yokoma kwambiri sindiyo inapambana.

Mlimi naye amakumana ndi mankhwala a mtundu umenewu osadziwa. Ena mwa opopera mbozi amatsanzira ecdysone. Mbozi ikawadya imasiya kudya m'maola ochepa n'kuyamba kufundula nthawi isanakwane, chigoba cha mutu chimasunthira kutsogolo n'kutseka kamwa yatsopano, ndipo imafa patapita masiku ili m'kati mwa malaya awiri. Nimu amene ena amasinja n'kuthira pa chimanga amasokoneza uthenga womwewu wa kufundula, ndipo nayenso sagwetsa mbozi pompopompo. Amene anazolowera kuona mbozi zikugwa iye akadali m'munda amabwerako mawa lake, n'kupeza zikugwedezekabe mu nsonga ya chimanga, n'kunena kuti amugulitsa madzi. Amawirikiza mlingo, amapoperanso mkucha, amatsuka sipuleya mumtsinje. Akuchita ndendende zimene zinachitika m'nyumba ya maluwa ija ku Israel, kupopera mankhwala amodzimodzi motsatizana mpaka kutsale zokhazokha za tsache lamphamvu.

Ndipo kumtsinje kumene watsukirako kumatsikira kunyanja. M'nyanja ya Malawi muli tinkhanu tosaoneka bwino ndi maso, toyandama m'madzi, timene usipa ndi utaka zimadya, pamodzi ndi mphutsi za nkhungu zija zimafuka ngati utsi pamwamba pa madzi. Tonseti timakula pofundula. Mwa tinkhanu tina ta m'madzi opanda mchere totchedwa Daphnia, ofufuza a ku America ndi ku Japan anapeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuti homoni ija ya Laufer ndi imene imalamula mayi kuti abereke ana aamuna, ndipo pyriproxyfen wochepa zedi m'madzi amachititsa kuti abereke amuna okhaokha. Apa nanenso ndidzigwire pakamwa, ndisathamangire kumene anathamangira asodzi a ku Long Island. Zimenezo zinaoneka m'mabotolo, ndipo botolo si nyanja ya makilomita oposa 500 m'litali. Wokuuzani kuti usipa wachepa chifukwa cha mahomoni a m'masikito mum'funse amene anayeza madziwo. Wokuuzani kuti palibe vuto chifukwa mankhwalawo amangokhudza udzudzu mum'funse funso lomwelo.

Chimene maso amaona n'chakuti m'madoko ambiri m'mawa mumakhala anyamata awiri, madzi ali m'chiuno, wina wagwira nsonga iyi wina iyo ya neti imene inaperekedwa kuchipatala kuti mwana agonemo. Amaikoka pang'onopang'ono m'madzi osaya a m'mabango, momwe nsomba zimaswerana. Akaitukula mumakhala tiana ta nsomba tosakwana chala, tonyezimira, tina tosadziwika n'komwe mtundu wake. Amatikhuthulira m'beseni, n'kuyanika netiyo pamchenga, kachikwangwani kolembedwa mayina a mankhwala ake kakadali kosokerera pakona.